NAMBALA YA PA MFUTI NDI MALAMULO A ZIPOLOPOLO ZA MTOBVU

Nkhani iyi inaulutsidwa pa wailesi m'nthawi ya alimi, ndipo taisindikiza pano kuti mafumu ndi anyakwawa a ku Guilleme ndi midzi yina ya m'boma la Mchinji aiwerengere anthu ao pa bwalo.

Cimanga cikayamba kukhwima kuno ku Mchinji, nguluwe ndi anyani sizicedwa kumva mbiri yace, makamaka m'minda ya m'tsinde mwa mapiri ndi m'madimba a ku Bua ndi ku Rusa. Ambiri a inu mulonda minda ndi moto, zitini ndi agalu, koma alipo ena owerengeka amene ali ndi mfuti ya laisensi, ndipo nyama ikagwa mudzi wonse upeza ndiwo. Tsono nkhani ya lero ndi ya mwini mfuti, komanso ndi ya munthu ali yense amene alandira nthuli.

Mukayang'anitsa pa mpope wa mfuti mupeza nambala yodinda m'citsulo. Pena palembedwa 12, pena .22, pena .303 kapena .375. Nambala yomweyo iri pa kabokosi ka zipolopolo. Eni ace a nchitoyi amati kaliba, ndiko kunena kukula kwa bowo la mpope. Anthu ambiri aiyesa nambala cabe yogulira zipolopolo, koma m'maiko ena nambala imeneyi ndiyo tsopano iweruza ngati mlenje aloledwa kuombera cipolopolo ca mtobvu kapena ai. Ku Britain anthu akhala alikukangana zaka zingapo pa kusiyana kosakwana theka la milimita imodzi, kucepa kwace kosafika ndi pa kucindikala kwa cikhadabo canu.

KODI NAMBALAYI ITANTHAUZANJI?

Tiyambe ndi cifefe, pakuti ndiyo mfuti imene alimi aidziwa bwino. Nambala 12 ya pa cifefe si mainchi ndipo si mamilimita. Opanga mfuti akale ankatenga paundi imodzi ya mtobvu ndi kuumba mipira yofanana yokwana bwino m'bowo la mpope. Mipira ikatuluka 12, mfutiyo inali ya 12. Ikatuluka 20, inali ya 20. Cifukwa cace pa cifefe nambala ikakula bowo licepa. Bowo la cifefe ca 12 ndi mamilimita 18 ndi theka. Muone kuti mtobvu ndi mfuti zakhalira limodzi kuyambira kale, kotero kuti ngakhale muyeso wa mfuti unacokera ku mtobvu.

Mfuti ya cipolopolo cimodzi, imene timati raifo, iyesedwa mwa njira yina. Nambala .303 itanthauza magawo 303 mwa magawo 1,000 a inchi imodzi. Koma apa ndi pamene pabisala bvuto. M'kati mwa mpope wa raifo si mosalala ai. Muli timizere ndi tingalande topotana kucokera kumbuyo kufikira ku kamwa, monga munda wolimidwa m'kati mwa mpope, ndipo nchito yace ndi kuzunguza cipolopolo kuti cipite molunjika. Tsono mlimi ali yense adziwa kuti kuyesa pamwamba pa mzere ndi kuyesa pansi pa ngalande kupatsa miyeso iwiri yosiyana. Mfuti zina zinapatsidwa dzina poyesa pa timizere, zina poyesa m'tingalande, ndipo cipolopolo ceni-ceni cilingana ndi muyeso wa m'tingalande, umene uli waukulu.

Mfuti ya .303, imene asilikali a K.A.R. ananyamula pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, inayesedwa pa timizere, ndipo cipolopolo cace ndi .311 kapena .312. Mfuti ya .308 inayesedwa m'tingalande, ndipo cipolopolo cace ndi .308 ndithu. Kotero cipolopolo ca .303 ndi conenepa kuposa ca .308, ngakhale dzina lace lioneka locepa. Cimodzi-modzinso mfuti imene alenje amati .223: asilikali amati 5.56 mm, koma mukayesa cipolopolo cace mupeza 5.7 mm. Musaiwale zimenezi, pakuti wolemba lamulo akangoti "mfuti yaikulu" kapena "mfuti yaing'ono" osanena cimene wayesa, mfuti imodzi yomweyo ingathe kugwera mbali ziwiri za lamulo.

CIFUKWA CACE MABOMA ALIKUDANA NDI MTOBVU

Mtobvu ndi wolemera, ndi wofewa, susowa moto waukulu kuti usungunuke, ndipo ndi wosakwera mtengo. Ndico cifukwa cace alenje aukonda. Koma ndi poizoni, ndipo m'thupi la munthu ulibe nchito ngakhale imodzi. Bungwe la zaumoyo la World Health Organization linena kuti palibe muyeso wa mtobvu m'magazi umene tingati ndi wosaopsa. Thupi la mwana wamng'ono litenga mtobvu kanai kapena kasanu kuposa thupi la munthu wamkulu amene wadya cimodzi-modzi, ndipo uononga ubongo umene ulikukula. Mwanayo sagwa pansi tsiku lomwelo. Angoyamba kucedwa kugwira za ku sukulu, magazi acepa, ndipo makolo ayamba kukaikira anansi. Kwa akulu uononga impso ndi kukweza kuthamanga kwa magazi. Ukhala m'mafupa zaka zambiri, ndipo mai akaima utuluka m'mafupamo ndi kufika kwa mwana wa m'mimba.

Ena a inu muli ndi abale amene anagwira nchito ku Kabwe m'dziko la Zambia, kumene kale ankati Broken Hill. Mgodi wa mtobvu wa kumeneko unatsekedwa mu 1994, koma dothi la m'makomboni likali kudwalitsa ana. Petulo wa mtobvu analeka kugulitsidwa m'maiko a kuno kwathu mu 2006, ndipo pa dziko lonse anatha mu 2021. Zipolopolo ndizo zina mwa njira zotsala zimene anthu amwazira mtobvu dala m'thengo ndi m'cakudya.

Mwina wina anena kuti, "Ine ndikapha nyama ndicotsa cipolopolo ndi mpeni, nanga bvuto liri pati?" Bvuto ndi lakuti cipolopolo ca raifo yaliwiro sicikhala cathunthu. Cikagunda nyama, makamaka pa pfupa, ciphwanyika ndi kumwaza tizidutswa mazana-mazana, tambiri tocepa kuposa mcenga, tosaoneka ndi maso ndi tosamveka pa dzino. Mu 2008 akuluakulu oyang'anira nyama za m'thengo ku Minnesota m'dziko la America anaombera mitembo ya nkhosa ndi zipolopolo za mitundu-mitundu ndi kuiunika ndi makina a ekisire. Anapeza mtobvu kufikira masentimita 45 kucokera pa njira imene cipolopolo cinadzera. Anapezanso kuti zipolopolo zoyenda pang'ono-pang'ono, monga za mfuti zothira wonga ku kamwa, siziphwanyika kwambiri monga zaliwiro.

Mbalame nazo zifa. Abakha ndi atsekwe a m'madambo atola timibulu ta cifefe m'matope poyesa ndi timiyala togayira cakudya, ndipo nthutumba ipera mtobvuwo kufikira ulowa m'magazi. Ku Britain akatswiri awerengera kuti mbalame za m'madzi 50,000 kufikira 100,000 zifa motero caka ndi caka. Miimba ndi nkhwazi zidya matumbo amene alenje asiya m'thengo. Ku Botswana, pa kufufuza kumene kunasindikizidwa mu 2018, anayesa magazi a miimba yoposa 500 ndipo pafupi-fupi umodzi mwa itatu iri yonse unali ndi mtobvu wambiri, makamaka m'nyengo ya uzimba ndi m'madera osakamo nyama. Muimba si mbalame yokongola, koma ndiwo ucotsa mitembo ya ng'ombe isanafalitse matenda.

KUMENE LAMULO LIIKA MALIRE

Za cifefe sizinabvute kwambiri. America inaletsa timibulu ta mtobvu posaka mbalame za m'madzi mu 1991, Denmark inaletsa timibulu ta mtobvu pa uzimba wonse mu 1996, ndipo maiko a m'bungwe la European Union analetsa m'madambo ndi pafupi ndi madambo kuyambira February 2023. Timibulu ta citsulo tilipo ndipo tipha mbalame. Nkhani inakula pofika pa raifo.

M'malo mwa mtobvu, cipolopolo ca raifo cipangidwa ndi mkuwa. Mkuwa suphwanyika kwambiri. Mutu wa cipolopolo ungotseguka monga duwa ndi kupyoza nyama. Koma mkuwa ndi wopepuka kuposa mtobvu, kotero kuti cipolopolo ca mkuwa cifike pa kulemera kwa cinzace ca mtobvu ciyenera kutalika, popeza kunenepa sikungatheke, bowo ndi lomwelo. Tsono kumbukani nguli imene munkasewera muli ana. Nguli yaifupi ndi yonenepa iima ngakhale muikwapule pang'ono, koma yaitali ndi yoonda ifuna kuzungulira msanga kwambiri, ikapanda kutero igwa. Cipolopolo ndi cimodzi-modzi. Mipope yambiri yakale inazokotedwa kuti izunguze cipolopolo cacifupi ca mtobvu. Mukaikamo cacitali ca mkuwa cingathe kupita cogwedezeka ndi kuphonya, kapena kungobvulaza nyama. Pa mfuti za bowo lalikulu bvutoli ndi locepa. Pa mfuti za bowo laling'ono, monga .22, ndi lalikulu. Ndico cifukwa cace maboma ena anati, tiletse mtobvu pa mfuti zazikulu, zazing'ono tiyambe tazisiya. Koma kodi yaikulu iyambira pati?

Ku Britain nchito yolangiza boma inapatsidwa kwa bungwe la Health and Safety Executive. Poyamba iwo anaika malire pa 6.5 mm. Koma pansi pang'ono pa malirewo pali mfuti ya .243, imene cipolopolo cace ndi 6.17 mm, ndipo ndi imodzi mwa mfuti zimene alenje a kumeneko aombera nazo kwambiri nswala ndi agwape, nyama zimene zigulitsidwa m'mabuchala ndi kudyedwa ndi anthu ambiri. Malire akanakhala pa 6.5, nyama yambiri ya pa msika ikanapitirira kuphedwa ndi mtobvu. Tsono m'malangizo ao otsiriza a mu December 2024 anatsitsa malire kufika pa 6.17 mm, ndiko kuti .243 inalowa m'gulu la zazikulu. Boma linabvomera ndi kulengeza mu July 2025 kuti ku England, Scotland ndi Wales timibulu ta cifefe tokhala ndi mtobvu woposa gawo limodzi mwa magawo 100, ndi zipolopolo za raifo zazikulu zokhala ndi mtobvu woposa magawo atatu mwa 100, zidzaletsedwa patapita zaka zitatu za kukonzekera. Raifo zocepera 6.17 mm posaka nyama, mfuti za mpweya, asilikali ndi apolisi sanakhudzidwe.

Bungwe la alenje la British Association for Shooting and Conservation linadandaula kwambiri, ndipo dandaulo lao si lopanda pace. Lamulo lina la kumeneko, Deer Act la 1991, linena kuti ku England ndi Wales munthu asaombere nswala zazikulu ndi mfuti yocepera .240, ndiponso cipolopolo cikhale ndi mphamvu yokwanira. Mfuti ya .243 ingopitirira pang'ono malire amenewo. Tsono mwini wace apanikizidwa ndi malamulo awiri: lina liti cipolopolo cikhale camphamvu, lina liti cisakhale ca mtobvu. Ku Scotland lamulo linkafuna kuti cipolopolo ca nswala zazikulu cilemere magireni 100, ndiwo magalamu asanu ndi limodzi ndi theka, ndipo mipope yambiri ya .243 siitha kuzunguza bwino ca mkuwa colemera cotero. Boma la kumeneko linakonza mu 2023 potsitsa muyeso kufika magireni 80. Kumeneko ndiko kulemba lamulo mwanzeru, kuyamba wamasula mfundo imodzi usanamange yina.

Kutsidya kwa nyanja, bungwe la European Chemicals Agency popereka maganizo ace mu 2021 linaika malire pa 5.6 mm, ndipo .22 wamba wa zipolopolo zazifupi linamuika pa yekha. Mwa muyeso umenewo .223 ija ndi mfuti yaikulu, pamene ku Britain ndi yaing'ono. Denmark inaletsa mtobvu m'zipolopolo za raifo zosakira nyama mu April 2024. Dera la California ku America silinabvutike ndi muyeso konse: kuyambira July 2019 mlenje wosaka ndi mfuti ya wonga saloledwa mtobvu, bowo likule kapena licepe, ndipo cimene cinawakakamiza ndi muimba waukulu wa kumeneko, condor, umene unatsala pang'ono kutheratu.

Kuika kaliba m'lamulo si kwacilendo kuno ku Africa. Ku Zimbabwe lamulo lifuna mfuti ya bowo losacepera 9.2 mm posaka njobvu, njati ndi mvuu, ndipo m'maiko ambiri .375 ndiyo yocepetsetsa imene iloledwa pa nyama zoopsa. Kusiyana kwace ndi kwakuti malamulo amenewo ayang'ana kuti nyama ife msanga, pamene atsopanowa ayang'ana cimene citsala m'nyama itafa.

Ine ndiona kuti pali cinthu cimodzi cimene anthu asocera naco pa nkhani yonseyi. Akamva kuti mfuti zazing'ono sizinaletsedwe, aganiza kuti mtobvu wace ndi wosaopsa. Si tero ai. Malirewo anaikidwa poyang'ana zimene mipope ndi mafakitale angathe kucita lero. Cipolopolo ca .223 ndi cacing'ono koma ndi caliwiro koposa, ndipo mitundu yace yina inapangidwa dala kuti iphwanyike. Kalulu kapena gwape wophedwa naco angakhale ndi mtobvu wambiri pa nthuli iri yonse kuposa njati yophedwa ndi cipolopolo cacikulu colimba. Cimene cimwaza mtobvu ndi liwiro ndi mapangidwe a cipolopolo, osati nambala yokha.

ZIMENE ZIKHUDZA IFE KUNO KU MCHINJI

Zipolopolo zimene alenje athu agula zicokera kunja. Mafakitale a kumeneko akatembenukira ku mkuwa ndi citsulo, mabokosi ofika m'masitolo a ku Lilongwe ndi ku Blantyre adzayamba kusintha, ngakhale lamulo la Britain siligwira nchito kuno. Tsono inu eni cifefe, werengani bokosi musanalipire. Timibulu ta citsulo ndi tolimba ndipo sitifinyika monga mtobvu. M'cifefe cakale ca mpope wopyapyala ndi kamwa lopanikiza, monga zija anasiya agogo, tingathe kutupitsa mpope. Yambani mwaonetsa mfutiyo kwa wodziwa kukonza mfuti. Citsulo ndi copepukanso, cifukwa cace alenje asankha timibulu tokulirapo ndi masaizi awiri kuposa ta mtobvu timene anazolowera, ndipo saombera patali kwambiri. Musaombere citsulo pa mwala kapena pa nthaka youma pafupi ndi anthu, pakuti cinjanja.

Eni raifo, gulani cipolopolo ca dzina lonse lolembedwa pa mpope, osati nambala yoyandikira. Taona kale kuti .303 ndi .308 si zimodzi. Mukasintha kupita ku mkuwa, yambani mwayesa pa candamale pa malo opanda anthu, cifukwa kawiri-kawiri cigunda pena posiyana ndi pamene munazolowera.

Lamulo la mfuti la dziko lino, Firearms Act la 1967, lifuna laisensi pa mfuti ndi cilolezo pa zipolopolo zomwe. Ife tikhala m'malire, Chipata ndi pafupi kuposa Lilongwe, ndipo njira zodutsa m'thengo muzidziwa kuposa ine. Kulowetsa zipolopolo kucokera ku Zambia kapena ku Mozambique popanda cilolezo ndi mlandu, ngakhale mfuti yanu iri ndi laisensi. Kumbukaninso kuti laisensi ya mfuti si cilolezo ca kupha nyama iri yonse. Lamulo la National Parks and Wildlife Act la 1992, monga linakonzedwa mu 2017, lipereka cilango cofika zaka 30 m'ndende pa nyama zotetezedwa kwambiri monga njobvu. Mu 2022 njobvu 263 zinasamutsidwa kucokera ku Liwonde kupita ku paki ya Kasungu, kumpoto kwa boma lino. Njobvu kapena mvuu ikalowa m'minda, nyakwawa atumize mau msanga kwa a nthambi yoyang'anira nyama za m'thengo kapena ku polisi. Nyama yoopsa yolasidwa ndi mfuti yocepa ndiyo ipha anthu.

Tsopano za nyama imene yaphedwa mwa lamulo, ndipo apa ndilankhula ndi inu mafumu, popeza ndinu muimirira pogawa. Funsani woombera kuti anaombera ndi ciani. Ngati ndi cipolopolo ca mtobvu ca raifo, mnofu wonse wozungulira bala udulidwe mosaumira, osati wakuda ndi magazi wokha, koma kupitirira pamenepo ndi cikhato cimodzi kapena ziwiri mbali zonse, pamodzi ndi mapapo ndi ziwalo zimene cipolopolo cinapyoza. Ndidziwa kuti kutaya ndiwo kuwawa, ndiponso kuti nthuli za pa bala ndizo kawiri-kawiri zipatsidwa kwa anyamata osenda ndi kwa ana oonerera. Mwambo umenewo ndiwo uyenera kusintha. Zodulidwazo zikwiriridwe m'dzenje lakuya, asapatsidwe agalu ndipo zisasiyidwe poyera kuti miimba itole. Amai oyembekezera ndi ana ang'ono apatsidwe nyama ya ku miyendo yakutali ndi bala. Pa nkhanga, njiwa kapena bakha wa cifefe, cotsani timibulu tonse musanaphike, ndi kudula mnofu wa m'njira zimene tinadzera.

Moto supha mtobvu. Kuphika, kuocha ndi kufutsa siziucotsa, ndipo kuphika ndi zowawasa monga ndimu kapena viniga kuusungunula ndi kuulowetsa mu msuzi.

Patsala mfuti ya gogodera, imene iribe nambala pa mpope ndipo siipezeka m'buku liri lonse la boma. Cipolopolo cace ciyenda pang'ono ndipo siciphwanyika kwambiri, koma kuopsa kwace kuyamba kunyumba. Eni ace aphwanya mabatire akale a galimoto kapena a sola ndi kusungunula mtobvu pa mafua, m'cigwinjiri kapena mu mphika wakale, ana atazungulira. Utsi umenewo ulowa m'mapapo, pfumbi lace ligwera pa bwalo pamene makanda akwawa ndi nkhuku zitola, ndipo ciwiya cimene casungunuliramo mtobvu siciyeranso ngakhale mucikweche ndi mcenga. Mfumu imene idziwa kuti m'mudzi mwace muli gogodera ilangize mwini wace kuti akaipereke ku polisi, ndipo batire yakutha ipite yathunthu, yosaphwanya, kwa ogula mabatire akale.